Mutu 6: Chimbale cha Nambala 412

1. Mabokosi awiri

Felister Everson anabwera ku Doha ndi dipuloma ya kasungidwe ka mabuku m'chikwama. Kwa miyezi khumi ndi inayi dipulomayo inagona pansi pa matiresi, mwini wake akupukuta magalasi m'nyumba ya Madamu Noora ku Al Duhail. Ntchitoyo anamupezera ndi amalume ake, a Waziri, amene anali dalaivala wa pakhomopo kwa zaka zambiri.

Tsiku lina Madamu anamutuma kukachotsa fumbi m'chipinda cha ana. Madamu atapitako anapeza fumbi lachoka, komanso mabuku onse atasanjidwa potsata zilembo. Sanayamikire. Anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo m'mawa mwake anamulowetsa m'chipinda cha makanema.

Chipindacho chinali cha bambo awo a Madamu, nkhalamba imene aliyense pakhomopo ankangoitchula kuti a Baba. Zimbale zinadzaza mashelefu kuyambira pansi mpaka kudenga. A Baba anazisonkhanitsa moyo wawo wonse, koma tsopano makutu awo anali atafa. Kanema ankamumva ndi maso basi, powerenga mawu olembedwa m'munsi, aja achinyamata amati masabutaito.

Ntchito ya Felister inali kulemba chimbale chilichonse pakompyuta. Pakompyutapo panali mabokosi awiri amene Madamu anawaloza ndi chikhadabo. Loyamba linali la chilankhulo chimene anthu a m'kanema akulankhula. Lachiwiri linali la chilankhulo cha mawu am'munsi. Zimbale za mawu am'munsi a Chiarabu zinkapita pa shelefu ya pafupi ndi mpando wa a Baba. Za Chingerezi zinkakwera m'mwamba, kudikira adzukulu. Zopanda mawu am'munsi zinkalowa m'katoni, ndipo Lachinayi lililonse chakumadzulo a Waziri ankakasiya katoniyo kwa munthu wotolera zinthu zakale ku Al Mansoura.

"Usakhulupirire chikuto," anatero Madamu m'Chingerezi. "Chikuto chimanama. Ika chimbale, mvera wekha, ona wekha, kenako lemba. Khalasi, basi."

Foni yake, monga mwa lamulo la pakhomopo, inkatsala m'dirowa ya kukhitchini. M'nyumba yaikulu wantchito sankaloledwa kujambula ngakhale duwa.

Zilankhulo zina Felister ankazizindikira yekha. Zomukanika ankaitanira anzake. Tsiku lina anaitana mayi wophika, wa ku India, amene anabwera mpeni uli m'manja, akudandaula kuti anyezi apserera. Atangomva mawu a m'kanemamo anasiya kudandaula. Patapita nthawi anati chinali Chimalayalamu, cha kwawo. Kenako anapempha kuti abwezere pang'ono, ngakhale yankho anali atapereka kale. Anyezi anapsereradi.

Bambo wosamala maluwa, wa ku Nepal, anachitanso chimodzimodzi. Felister anaona kuti munthu akamva chilankhulo chake kutali ndi kwawo amayamba watseka pakamwa, yankho limabwera pambuyo.

Pa zimbale mazana anayi ndi khumi ndi chimodzi zimene analemba m'masabata asanu, panalibe ngakhale chimodzi chimene chinamutseka pakamwa iyeyo.

2. Chilankhulo cha "Afirika"

Chimbale cha nambala 412 anachipeza Lachinayi m'mawa, kuseri kwa makanema a nkhondo. Kunja kwake kunalibe chithunzi. Pachikuto panali mawu a Chiarabu olembedwa pamanja, ndi kapepala komatidwa ndi mdzukulu wina amene anaiyambapo ntchitoyi n'kuisiya tsiku lachiwiri. Pakapepalapo, pa malo a chilankhulo, analemba kuti "Afirika".

Felister anaseka chamumtima. Mayiko onse aja, mitundu yonse ija, mwana wa eni anaipatsa lilime limodzi.

Anaika chimbalecho. Chithunzi chinkagwedezeka ngati wojambulayo akuyenda. Panaoneka msewu wa dothi lofiira, mitengo ya bulugamu, phiri chapatali, mzikiti waung'ono wa malata, kenako mjigo watsopano simenti yake isanaumitsitse. Pakona panalembedwa chaka cha 2004. Pafupi ndi mjigowo panaima a Baba, ndevu zili bii. Pambali pawo panali mnyamata wowonda, wovala malaya omukulira.

Felister anasendera pafupi. Anali amalume ake, tsitsi lonse likadalipo.

Nkhaniyo ankaidziwa. A Baba ndi anzawo anapitako ku Namwera kukakumbitsa mjigo, a Waziri n'kumawayendetsa komanso kuwamasulira, ndipo patapita zaka ziwiri anawaitanitsa ku Doha. Chimene sankadziwa n'chakuti ulendowo unajambulidwa.

Kamera inatembenukira kwa amayi amene anaima ndi zidebe. Mmodzi, wa mwana kumbuyo, anatuluka pagulupo n'kuyenda molunjika kwa alendo. Mawu a amalume anamveka chapambali, ngati akumuletsa: "Asiyatu!"

Mayiyo anatembenuka n'kuseka. Pakati pa mano ake akutsogolo panali mpata.

Felister anali ndi chithunzi chimodzi chokha cha amayi ake, chaching'ono ngati cha pachiphaso, atatseka pakamwa. Koma azakhali ake ku Kawale ankakonda kunena kuti mpata wa manowo anatengera kuchikazi. Anaukhudza ndi lilime.

Amayi ake, Asiyatu, anamwalira iye asanakwanitse zaka zitatu. Bambo ake anamutenga n'kukamusiya kwa mlongo wawo ku Lilongwe, ndipo anakulira m'Chichewa. Pa Chiyao ankangodziwa moni ndi "sikomo". Kumudzi kwa amayi ake anapitako kamodzi, pamaliro a agogo, ndipo anthu akamulankhula ankangomwetulira ngati mlendo wa boma.

Tsopano amayi akewo anali pamaso pake, akulankhula. Mawu awo anali otsika, osasa pang'ono, okwera kumapeto kwa chiganizo. Sankaseka tsopano. Ankalankhula akuyang'ana kwa alendo, dzanja lina likugwedeza mwana kumbuyo. Kaphazi ka mwanayo kankalendewera, kali ndi sokosi imodzi.

Analankhula mphindi zinayi. Felister sanatolepo kanthu.

Anadina batani la mawu am'munsi. Sipanatuluke kanthu. Anadinanso. Anabwezera, n'kumvera, n'kubwezeranso, mpaka kasanu.

Kenako anayang'ana pakompyuta. Pa mndandanda wa zilankhulo panali Chiswahili, Chizulu, ngakhale Chinyanja. Chiyao panalibe. Koma vuto silinali pa bokosi loyambalo. Bokosi lachiwiri ndi limene linkalamula kopita chimbale, ndipo katoni inali pakhomo, kukamwa kuli yasa. Tsikulo linali Lachinayi.

3. Kuseri kwa galaja

Pa nthawi ya chakudya cha masana Felister anawapeza amalume ake kuseri kwa galaja, pa kamthunzi kamene kankatsala dzuwa likafika pamutu. Ankadya mpunga m'kontena, thaulo lili paphewa.

Anawapatsa moni, n'kuwauza zonse. A Waziri anasiya kutafuna. Anafunsa ngati Madamu achiona kale chimbalecho. Felister anati ayi. Kenako anatsitsa mawu n'kunena zimene anabwerera. Njira zinali ziwiri. Iye akanatha kuchonga kuti mawu am'munsi ndi a Chiarabu, chimbale n'kukhala pa shelefu, n'kumachimvera akamapukuta fumbi. Apo ayi, achiike m'katoni, amalumewo akachitulutse panjira ya ku Al Mansoura.

"Ndi chinthu chotayidwa kale, malume. Angadziwe ndani?"

"Feli, khala pansi," anatero a Waziri. "Ine ndatha zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu m'dziko lino. Ndaona anthu akubwera atavala masuti, n'kubwerera ndi jumbo. Panali mnyamata wina dzina lake Grayson, gadi wa pa kampaundi ya kumtunda uku. Anatola chaja ya foni m'bini. M'bini mwenimweni, mwana wanga, mosakanikirana ndi makoko a nthochi. Kamera inamuona. Sanamumenye, sanamukalipire. Kuno satukwana ayi. Anangomuuza kuti mafi mushkila, palibe vuto, kapakire. Lachitatu lake tinamuperekeza pa eyapoti. Kwa eni kulibe mkuwe. Chinthu cha m'nyumba ya eni ndi cha eni, kaya chili pa shelefu, kaya chili m'katoni. Akakupatsa ndi dzanja lawo, ndi chako. Ukatenga wekha ndiwe wakuba, ndipo amene anakubweretsa ndi wakubanso. Ukufuna tikadipotedwe awiri pa ndege imodzi, tizikagawana windo?"

Felister sanaseke. Anafunsa za kuchonga Chiarabu.

"Icho ndiye choipa kuposa. Mkulu uja samva. Tsiku lina adzatambasula dzanja, adzatenga chimbale chimenecho chifukwa iwe unalemba kuti angachiwerenge. Adzakhala pampando kudikira mawu amene sadzabwera. Adzaitana mwana wawo. Ndipo Madamu sadzafunsa za chimbale chimodzi ayi, adzafunsa za mazana anayi onse aja. Walemba zoona masabata asanu, bodza limodzi lidzazidya zonse ngati chiswe. Mawa mtsikana wina wa kwathu akadzafuna ntchito pakhomo pano, adzamuyankha ndi dzina lako. Sukulu unapita iwe, ine sindinapite, koma ichi ndikuuze. Munthu akakusandutsa makutu ake, umuuze zimene wamva, osati zimene zikukukomera."

"Ndi amayi anga, malume. Mawu awo ndawamva lero koyamba."

"Ndi mlongo wanganso. Ndinamunyamula ndi mapewa awa. Akufa sakhala m'chimbale, Feli. Lemba zoona, ika m'katoni, usauze munthu. Zakale zisiye zigone."

Felister anadzuka n'kusasa diresi. Anaona kuti amalume ake sanapemphe kuchiona chimbalecho. Anaonanso kuti mpunga anautseka usanathe, chinthu chimene sanachitepo.

4. Zimene analemba

Anabwerera m'chipinda cha makanema. Mozizira muja thukuta linamuuma msanga.

Pansi penipeni pa mndandanda wa zilankhulo panali kabokosi ka "zina", kamene munthu amalembamo yekha. Analembamo kuti Chiyao, chilembo chimodzichimodzi. Anamatula kapepala ka "Afirika" n'kukaponya m'bini.

Pa bokosi lachiwiri chala chinaima. Chiarabu chinali pamwamba penipeni pa mndandanda, chosavuta kudina. Anatsika nacho chalacho mpaka pansi n'kusankha kuti palibe.

Anamveranso mphindi zinayi zija, maso ali pa milomo ya amayi ake, akuyesa kusunga kamvekedwe kake monga munthu amasungira nyimbo ya chilankhulo chachilendo. Kenako anatulutsa chimbalecho, n'kuchipukuta ndi nsalu yofewa, n'kuchiika m'katoni pamwamba pa kanema wa karate.

Pa zinthu zitatu zimene amalume ake anamuuza, ziwiri anali atachita.

Nthawi itakwana 3 koloko Madamu anabwera kudzaona mndandanda katoni isananyamuke. Anali pa foni, monga mwa masiku onse. Anayendetsa maso papepala, n'kugwedeza mutu, n'kutembenuka kuti azipita. Felister anali ataima pakhomo, ndipo sanapatuke.

Pakhomopo wantchito sankayamba kulankhula. Felister anayamba. Anapepesa, n'kunena kuti m'katonimo muli chimbale chimodzi chimene akupempha kuti Madamu achidziwe chisanapite. Analoza mzere wa 412.

"Chiyao?" anawerenga Madamu movutikira. "Ndi cha dziko liti chimenechi?"

"Ndi cha kwathu, Madamu. Ndi chilankhulo cha amayi anga. Iwowo ali m'chimbalemo. Anamwalira ndili mwana."

"Ndiye akuti chiyani?"

"Sindichimva, Madamu."

Madamu anachotsa foni kukhutu n'kuidula, munthu wa mbali inayo akadalankhula. M'miyezi khumi ndi isanu, Felister anali asanaonepo zimenezo.

5. Mphindi zinayi

A Baba anabwera ndi ndodo yawo n'kukhala pampando. Madamu anawalembera nkhaniyo pa kabolodi koyera kamene ankalankhulirana nako. Mkuluyo anawerenga, n'kumuyang'ana Felister nthawi yaitali, kenako n'kuloza kuti chimbale chiikidwe.

Mjigo utaoneka anamenya ndodo pansi n'kuseka. Mayi wa mwana kumbuyo atatulukira, a Baba anasiya kuseka. Analankhula mokweza, monga amachitira anthu osamva, Madamu n'kumamasulira m'Chingerezi.

"Mayi uyu ndikumukumbuka. Anatiimitsa tikufuna kukwera galimoto. Analankhula, n'kulankhula, akundiyang'ana m'maso. Ndinamufunsa Waziri kuti akuti chiyani. Waziri anati akuthokoza chifukwa cha madzi. Ine ndinati mumtima, anthu a kuno kuthokoza kwawo n'kwakutali. Kwathu timangoti shukrani, basi tathana."

A Baba anafunsa chifukwa chimene chimbalecho chinapezekera m'katoni. Madamu analemba kuti ndi lamulo lija, chilibe mawu am'munsi. A Baba anati ngati chilibe, achipangire. Waziri anene m'chilankhulo chimene mtsikanayu amamva, mtsikanayu alembe m'Chingerezi, Noora aike m'Chiarabu. Anati zaka makumi awiri zakwana, akufuna amve kuthokoza kumeneko konse asanafe.

Anatuma wophika kukawaitana a Waziri.

Anabwera atavula nsapato, chipewa chili m'manja, n'kuima m'mphepete mwa kapeti. Ankaganiza kuti awaitanira katoni. Ataona chithunzi chili pa khoma, anamuyang'ana Felister kamodzi kokha. Felister anayang'ana pa kope limene Madamu anamupatsa.

Madamu anafotokoza ntchitoyo. Anabwezera pamene mayiyo akuyambira kulankhula, n'kulola kanemayo ayende pang'ono, n'kumuimitsa.

"Yala, tiye Waziri."

A Waziri anakonza kukhosi. Anati m'Chichewa, maso ali pansi, "Akupereka moni. Akuthokoza alendo."

Felister sanalembe. Analankhula motsitsa, m'Chichewa momwemo, nkhope ili phee kuti mabwana asaone kanthu.

"Malume, moni ndimaudziwa. Sikomo ndimamudziwanso. Ndamvera kasanu ndi kamodzi, mulibemo. Koma dzina lanu ndalimva."

Pa khoma, Asiyatu anaima pakamwa pali potseguka pang'ono, mawu atawagwira pakati. A Waziri anamuyang'ana mlongo wawoyo kwa nthawi yoyamba chilowereni. Chipewa chija anachipinda pawiri, n'kuchipindanso.

"Lemba," anatero.

Felister anagwira cholembera.

"Akuti, Che Waziri, ndikukudziwani. Muwauza zina. Chonde, lero lokha, auzeni alendowa zimene ndikunena, musachotsepo kanthu."

Felister analemba. Amenewo anali mawu oyamba a amayi ake amene iye anawamva n'kuwamvetsa. Anawaika m'Chingerezi pansi pake, osachotsapo kanthu, n'kupereka kopelo kwa Madamu. Madamu anawerenga, n'kukweza nsidze, n'kuyamba kulemba pa kabolodi.

A Baba anawerenga. Sanamuyang'ane Waziri mokwiya. Anangosendera kutsogolo pampando wawo, manja onse ali pa ndodo, ngati munthu amene kanema wayamba kumukoka.

Pakona pa chithunzi manambala ankasonyeza kuti padutsa masekondi khumi ndi limodzi. Mphindi zinayi zinali zisanayambe n'komwe.

Madamu anapereka rimoti kwa Felister. A Waziri anapukuta kumaso ndi chipewa.

"Dina tipitirize," anatero. "Koma zimene zikubwerazi, mwana wa mlongo wanga, uyambe wakhala pansi."

M'chipinda chimenecho antchito sankakhala. Felister anakoka mpando.